Funsani za Ziweto: Kagalu katha nsapato, ndikapatse chiyani chotafuna?

FUNSO: Zikomo alangizi. Ndili ndi kagalu ka miyezi isanu komwe tinakatenga kwa achimwene ku Kawale. Katha nsapato za ana, ndipo dzulo kaluma chingwe cha ayironi. Bambo a kunyumba akuti tizikaponyera mafupa a nkhuku tikamaliza kudya, poti agalu akumudzi amakula ndi zomwezo. Ana nawo amakapatsa zitsononkho tikawotcha chimanga. Kodi zimenezi zili bwino? Nanga zidole za agalu za m'masitolo n'zofunikadi?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Amayi, kagalu kanu si kamwano ayi, kakugulula mano. Galu amayamba ndi mano 28 aubwana, omwe amayamba kuguluka akafika miyezi itatu kapena inayi, ndipo pofika miyezi isanu ndi iwiri amakhala atamera 42 achikulire. Nthawi yonseyi nkhama zimamuyabwa. Kumumenya sikuthandiza, adzatafunabe. Ntchito yanu ndi kumusankhira chotafunacho.

Ndiyambe ndi zitsononkho, chifukwa powerenga kalata yanu mtima wanga unalumpha pamenepo. Auzeni anawo lero lomwe kuti asiye. Ine ndinali ndi galu dzina lake Jeki. Nyengo ya dowe anatola chitsononkho kudzala, ife osaona. Tsiku lachiwiri anayamba kusanza, lachitatu ankabweza ngakhale madzi, atagona pakhonde msana uli chokhota, maso ali pa ine. Dokotala wa ziweto anachita kumung'amba pamimba. Atatuluka anandionetsa kachidutswa kotalika ngati chala chachikulu, kakuda bii, koma kosaphwanyika ngakhale pang'ono. Chitsononkho sichigayika m'mimba mwa galu. Chimangotsika n'kukatseka matumbo ngati chivindikiro cha botolo. Jeki anachira, koma masiku amenewo sindiwaiwala. Njere ya mango ndi ya peyala imachita zomwezo, ndiye mango akayamba kugwa mu Novembala muzisesa pansi pa mtengo.

Za mafupa, abambo akunena zoona kuti agalu akumudzi amadya. Koma omwe amafa nawo sitiwawerenga, timangoti awathira poizoni. Fupa likaphikidwa, kukazingidwa kapena kuwotchedwa pa kanyenya limauma, ndipo galu akaliluma limasweka tizidutswa tosongoka ngati nsungwi yong'aluka. Timabaya kukhosi, timaboola matumbo, mwina timaumbika kumatako galu n'kumalira pochita chimbudzi. A nkhuku ndiwo oipitsitsa, ndipo minga ya chambo ili m'gulu lomwelo.

Galu wamkulu mutha kumugulira kubutchala fupa laliwisi la ng'ombe, lalikulu kuposa kamwa lake, lokhala ndi kanyama. Alitafune inu mukuona, kwa mphindi zochepa, kenako mulichotse n'kulitaya. Kutentha kwa mu Okutobala kuno fupa silichedwa kununkha ndi kuitana ntchentche. Ngakhale laliwisi limatha kuthyola dzino, choncho kagalu kanu kadikire kaye.

Pali chinthu china chomwe ndikufuna aliyense wowerenga achigwire. Fupa likapingasa m'kamwa, galu amatuluka dovu ndi kumakanda pakamwa ndi mwendo. Galu wachiwewe nayenso amatuluka dovu ndipo amaoneka ngati watsamwa fupa. Musapise dzanja m'kamwa mwa galu yemwe simukumudziwa kapena yemwe sanabayitse katemera. Kagalu kanu, pa miyezi isanu, kanayenera kukhala katabayitsa kale wa chiwewe. Ngati sikanatero, pitani nako sabata ino.

Tsono mukapatse chiyani? Ndili ndi miyeso iwiri yomwe ndimayendera. Woyamba, dinani chinthucho ndi chikhadabo. Ngati sichikulowa ngakhale pang'ono, n'cholimba kwambiri kwa mano, monga nyanga, ziboda ndi miyala. Wachiwiri, chikhale chachikulu moti sichingalowe chonse m'kamwa. Kumbukirani kuti kagalu kakukula, ndiye mpira womwe ukukakwana lero ukhoza kudzakatsamwitsa pakatha miyezi iwiri.

Zidole za m'sitolo si zonse zofunika, koma chimodzi chabwino chimaposa khumi zotchipa. Ine ndimakonda zija za labala wochindikala zobowoka mkati, monga za kampani ya Kong. Mumapakamo chiponde pang'ono, galu n'kutanganidwa nacho nthawi yaitali. Chiponde chosinja nokha, chopanda mchere ndi shuga, ndiye chabwino. Chogula muwerenge pabotolo, chifukwa mankhwala otsekemeretsa otchedwa xylitol amapha agalu. Ngati ndalama yavuta, karoti wamkulu wa kumsika, woziziritsa mufiriji, amaziziritsa nkhama bwino kwambiri, bola muzichotsa kachidutswa komaliza. Agalu anga amamuthamangira.

Zikopa zoumitsa zopindapinda zomwe amagulitsa m'mapaketi ine sindizikhulupirira kwenikweni. Zikanyowa ndi malovu zimafewa, galu wosusuka n'kumeza chibenthu chachikulu. Zidole za ana za pakaunjika nazo ayi: maso ake ndi mabatani, mkati muli thonje, zina zili ndi mabatire. Zidutswa za matayala zili ndi mawaya. Chingwe chokokerana n'chabwino mukamasewera naye, koma chikayamba kusomphoka ulusi chitayeni, pakuti ulusi wautali umakwinya matumbo ndi kuwacheka. Mukaona ulusi ukulendewera kumatako, musaukoke.

Nsapato yakutha musakapatse. Galu sasiyanitsa yakutha ndi ya ku tchalitchi, zonse zimanunkha inu. Mukakapeza kali ndi nsapato, ilandeni mofatsa, mukapatse chidole chake, kakachiluma mukayamikire. Chingwe cha ayironi chija ndiye chizikhala pamwamba, chifukwa tsiku lina chidzakhala chili pamagetsi.

Galu akamasanza mobwerezabwereza, akukana chakudya, sakuchita chimbudzi kapena akulira mukamugwira pamimba, musamumwetse mafuta ophikira kapena madzi amchere. Thamangani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Kuno ku Lilongwe bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA lili ndi chipatala cha ziweto, ndipo alipo madokotala ena oyima paokha. Mukafika nenani chomwe mukuganiza kuti wameza ndi nthawi yake, chifukwa chitsononkho nthawi zina sichioneka bwino pa X-ray.

Ndipo abambo muwapemphe akuthandizeni kutchinga dzala, ngakhale ndi lata lakale ndi mwala pamwamba. Jeki wanga palibe anamupatsa chitsononkho chija, anakachifukula yekha.