Lipoti la malonda likamachedwa, yambani mwafunsa database

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene anapangira sitolo yogulitsa zipangizo zomangira nyumba pulogalamu yosungira malonda. Sitoloyo ili ndi nthambi zitatu, pulogalamuyo anailemba m'chinenero cha makompyuta chotchedwa PHP, ndipo deta amaisunga mu PostgreSQL, imene ndi database, kutanthauza pulogalamu yosunga deta m'matebulo. Dandaulo lake ndi lakuti lipoti la malonda a pamwezi, limene poyamba linkatuluka pompopompo, tsopano likumatenga pafupifupi mphindi yathunthu, popeza tebulo la malonda lakula mpaka kupitirira mizere 300,000. Anandifunsa zinthu zitatu: agule buku liti kuti adziwe bwino SQL (chinenero chofunsira database), query yake (funso limene amatumiza ku database) akuilakwitsa pati, komanso agwiritse ntchito pulogalamu iti pojambula sikirini kuti aonetse anzake vutoli. Ndasankha kuyankha poyera chifukwa ambiri a ife tinadutsapo pamenepa.

M'bale wanga, ndiyamba ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa ndi limene likuvutitsa mwini sitoloyo lero, ndipo yankho lake lingathandize kuti musankhe bwino buku. Query yeniyeniyo simunanditumizire, koma mwandiuza zokwanira kuti ndikuuzeni poyambira. Musanasinthe chilichonse, ifunseni database yomweyo kuti ikuuzeni njira imene ikudutsa. Mu PostgreSQL mumangolemba mawu akuti EXPLAIN ANALYZE kutsogolo kwa query yanu, ndipo idzakuonetsani sitepe iliyonse imene yatenga, mizere imene inkayembekezera kupeza, mizere imene yapezadi, ndi nthawi imene yathera pa sitepe iliyonse. Mukaona mawu akuti Seq Scan pa tebulo la malonda, ndiye kuti database ikuwerenga tebulo lonse kuyambira mzere woyamba mpaka wotsiriza, ngakhale kuti inu mukufuna za mwezi umodzi wokha. Chenjezo limodzi pamenepa: ANALYZE imayendetsadi query, sikuti imangoyerekeza. Mukaigwiritsa ntchito pa UPDATE kapena DELETE, malamulo osintha kapena kufufuta deta, yambani ndi BEGIN ndipo mutsirize ndi ROLLBACK kuti zonse zibwerere mmene zinalili, apo ayi mudzafufuta deta ya eni ake mukuganiza kuti mukungoyesa.

Mankhwala a Seq Scan nthawi zambiri ndi index, koma ndikufuna mumvetse mmene imagwirira ntchito, osati kungoiika paliponse. Taganizirani za buku la nyimbo za kutchalitchi. M'bukumo muli mndandanda wa mizere yoyamba ya nyimbo zonse, wosanjidwa motsatira zilembo. Ngati mukukumbukira mmene nyimbo imayambira, mumaipeza wotsogolera asanamalize kulengeza. Koma ngati mukungokumbukira liwu limodzi la pakati pa vesi yachitatu, mndandandawo sungakuthandizeni, ndipo mudzavundukula tsamba ndi tsamba mpaka mpingo utakhala pansi. Index wamba ya PostgreSQL, imene imatchedwa B-tree, ili chimodzimodzi. Imasunga zinthu mosanjidwa bwino, kotero kuti imapeza msanga chimene mukudziwa chiyambi chake, koma mukalemba LIKE '%simenti%' sizitheka kuti ikuthandizeni, chifukwa mwaiuza kuti liwulo lingakhale pena paliponse. Pa kufufuza kwa mtundu umenewo pali chowonjezera cha PostgreSQL chotchedwa pg_trgm, chimene chimalola kupanga index yoyenera.

Pa lipoti la pamwezi ndikukayikira kwambiri mmene mukusankhira masiku. Anthu ambiri amatulutsa mwezi ndi chaka kuchokera m'kolamu ya tsiku pogwiritsa ntchito EXTRACT, kenako n'kuyerekeza ndi mwezi umene akufuna. Mukatero, ngakhale kolamuyo itakhala ndi index wamba, database siingaigwiritse ntchito, chifukwa iyenera kuwerengetsera mzere uliwonse kuti idziwe mwezi wake. Lembani malire m'malo mwake, monga tsiku >= '2024-03-01' AND tsiku < '2024-04-01', ndipo index idzalumpha n'kufika pa 1 Malichi, n'kuwerenga mpaka mwezi utatha, basi. Popeza malipoti anu amatuluka nthambi ndi nthambi, pangani index imodzi ya makolamu awiri, nthambi poyamba kenako tsiku. Dongosolo limeneli ndi lofunika, chifukwa kolamu imene mukuyerekeza ndi chinthu chimodzi chenicheni iyenera kutsogola, ndipo ya malire ibwere pambuyo. Dziwaninso kuti PostgreSQL imapanga yokha index pa primary key (kolamu yozindikiritsa mzere uliwonse), koma siipanga pa kolamu imene ili ndi foreign key (yolozera ku mzere wa tebulo lina), mosiyana ndi InnoDB ya MySQL, imene ndi database ina. Amene anazolowera MySQL amagwa kawirikawiri pamenepa. Komabe musaike index pa kolamu iliyonse, chifukwa iliyonse imafunika kukonzedwa nthawi zonse pamene wogulitsa walowetsa malonda atsopano.

Palinso vuto lina limene EXPLAIN singakuonetseni, ndipo ine linandidyera masiku awiri. Ndinali ndi tsamba loonetsa malisiti 500, ndipo query iliyonse ndikaiyesa payokha inkatha m'kanthawi kochepa zedi, koma tsambalo linkatsegukabe mochedwa. Nditayatsa log ya database, imene imalemba query iliyonse yofika, n'kutsegulanso tsambalo, ndinaona mizere ikutsika pa sikirini ngati mvula, query yofanana ikubwerezedwa, nambala ya kasitomala yokha ndi imene inkasintha. Ndinali nditalemba query imodzi yotenga malisiti, kenako mkati mwa loop (malamulo obwerezabwereza) n'kumafunsa dzina la kasitomala wa lisiti lililonse payekhapayekha, kutanthauza kuti ndinkapita ku database maulendo 501 m'malo mwa ulendo umodzi. Vutoli amalitcha N+1, ndipo JOIN imodzi, yolumikiza matebulo awiriwo mu query imodzi, inalithetsa. Tsegulani fayilo yanu ya PHP muone ngati muli query mkati mwa loop ya foreach.

Tsopano za mabuku. Malangizo anga ndi akuti musagule chilichonse mwezi uno. Malongosoledwe a PostgreSQL amene ali pa webusaiti yawo ndi aulere, mukhoza kuwatsitsa ngati PDF n'kumawerenga popanda intaneti, ndipo ali ndi mutu wonse wa ma index ndi chigawo chofotokoza kawerengedwe ka EXPLAIN. Pambali pa amenewa, Markus Winand ali ndi webusaiti yotchedwa Use The Index, Luke, imene ndi yaulerenso, ndipo imafotokoza ndendende zimene zikukuvutanizi pa ma database osiyanasiyana. Anzanu ena adzakuuzani kuti muwerenge buku la Martin Kleppmann lotchedwa Designing Data-Intensive Applications, limene linatuluka mu 2017. Ndi buku labwino kwambiri ndipo ndimalilemekeza, koma limakamba kwambiri za deta yogawidwa pa makompyuta ambiri, pamene inu muli ndi seva imodzi ndi tebulo limodzi lochedwa. Lisungeni, nthawi yake idzakwana. Posankha buku la SQL musaope kwambiri ukale wake, chifukwa maziko ake sasintha msanga: Edgar Codd anafotokoza ganizo la ma database a matebulo mu 1970, ndipo SQL inabadwira ku IBM m'zaka zomwezo za m'ma 1970. Mabuku amene amakalamba msanga ndi ofotokoza framework inayake, kutanthauza zida zokonzedwa kale zolembera mapulogalamu. Chimene ndimaumirira n'chakuti muwerenge kompyuta ili yoyaka, ndipo chitsanzo chilichonse muchiyese pa kope la deta yanu, osati pa database imene sitolo ikugwiritsa ntchito.

Pa nkhani yojambula sikirini, ine ndimagwiritsa ntchito OBS Studio, imene ndi yaulere ndipo imagwira ntchito pa Windows, macOS ndi Linux. Muisinthe kuti izisunga kanema mu MKV, chifukwa fayilo wamba ya MP4 imawonongeka yonse ngati magetsi azima kapena kompyuta yaima musanasiye kujambula, pamene ya MKV imasunga zimene zinajambulidwa kufikira pamenepo. Mukamaliza, OBS yomweyo ili ndi njira yotchedwa Remux yosinthira fayiloyo kukhala MP4 popanda kuwononga maonekedwe. Ngati mukufuna kakanema kafupi pa Windows, ShareX ndi yopepuka, ndipo pa Mac mumangodina Shift, Command ndi 5 pamodzi. Kulitsani zilembo musanayambe kujambula, popeza ambiri adzaonera pa foni, ndipo chepetsani fayiloyo ndi HandBrake kuti musathere anzanu bandulo. Koposa zonse, tsekani fayilo iliyonse imene muli mawu achinsinsi a database, ndipo musaonetse mayina, manambala a foni kapena ngongole za makasitomala a sitoloyo. Anthuwo anakhulupirira mwini sitolo, mwini sitolo anakhulupirira inu, ndipo kanema akangolowa pa gulu la WhatsApp simungamubwezenso.

Komabe ndikuuzeni mosabisa kuti pa vuto lanuli kanema si chida choyenera. Kanema amathandiza pamene batani likukana kudinika kapena tsamba likuoneka molakwika, zinthu zovuta kufotokoza ndi mawu. Query yochedwa ikajambulidwa, woonera amangoona kachizindikiro kakuzungulira kwa mphindi yonse, ndipo sangakopere SQL yanu kuchokera pa chithunzi kuti aiyese kwake. Chimene munthu wofuna kukuthandizani akusowa ndi malemba: query yonse monga ilili, kapangidwe ka matebulo amene ikukhudza, kamene mumapeza polemba \d ndi dzina la tebulo mu psql (pulogalamu yolemberamo malamulo a PostgreSQL), nambala ya version ya PostgreSQL imene mukugwiritsa ntchito, ndi zonse zimene EXPLAIN ANALYZE yatulutsa, osadula mzere ngakhale umodzi. Munditumizire zinthu zinayi zimenezi pa imelo yomweyi, mutachotsa mayina a makasitomala, ndipo tidzaziwerengera limodzi kuyambira pa mzere umene wadya nthawi yambiri.