Nsalu "yobiriwira" imene inabwera ya mtundu wina

Mayi wina wa kufupi ndi Muloza, ku Mulanje, walemba kuti chiperoni cha chaka chino chinamuzunza, ndiye wayamba kusoka chofunda cha zigamba ndi zidutswa za zitenje zimene amatola kwa atelala. Funso lake ndi ili: "Ndinatuma mdzukulu wanga kumsika wa Limbuli kuti akandigulire nsalu yobiriwira yoti ndizungulize m'mphepete. Ine ndimanena ya buluu, iye wabwera ndi ya girini. Walakwa ndani? Kapena Chichewa chathuchi n'choperewera mawu?"

Mayi, mwanayo musamukalipire. Mawu oti kubiriwira amanyamula zonse ziwiri, msipu ndi thambo lomwe, ndipo akhala akutero kuyambira kale. Inuyo muli ndi umboni pakhomo. Phiri la Mulanje mukaliona muli ku Luchenza limaoneka la buluu, mukafika pa Likhubula n'kuyamba kukwera mupeza ndi la girini. Agogo athu akanangoti phirilo n'lobiriwira, ndipo sakananama kutali kapena pafupi.

Mawu enieni a mitundu m'Chichewa, amene sabwereka dzina la chinthu china, ndi ochepa: kuyera, kuda ndi kufiira, kenako kubiriwira. Atatu oyambawo ndiwo mizati. Izi si zathu zokha. Mu 1969 akatswiri awiri a ku America, Brent Berlin ndi Paul Kay, atayerekeza ziyankhulo zambiri anapeza kuti chiyankhulo chikakhala ndi mawu atatu okha a mitundu, mawuwo amakhala oyera, akuda ndi ofiira. Mitundu yotsalayo ife timaitchula poloza chinthu. Ya chikasu ndi dzina la chomera chija chimene muzu wake umathimbiriritsa zala. Yotuwa ndi ya phulusa. Ya khofi sifunika kufotokoza. Omasulira Buku Lopatulika atafika pa nsalu za chihema m'buku la Eksodo anakumana ndi vuto lanu lomweli, ndipo buluu anamutcha "lamadzi". Lero mukapita kumsika n'kukafunsa nsalu yamadzi, wogulitsa adzayesa mukufuna yonyowa.

Ndiye ulendo wina mudzati "yobiriwira ngati masamba a tiyi" kapena "yobiriwira ngati kumwamba", apo ayi "yamtambo". Mukafuna kudula nkhani nenani kuti ya buluu. Ine sindiona tchimo pamenepo. Buluu, girini, pinki ndi pepo analowa kalekale m'nyumba mwathu ndipo anapatsidwa mpando.

Koma zoti Chichewa n'choperewera ndiye ndikukana, ndipo chofunda chanucho ndicho mboni yanga. Amene anazolowera kusoka zigamba amadziwa kuti chimene chimakongoletsa ntchito yotere si kuchuluka kwa mitundu ayi, koma kusiyana kwa zigamba zodera ndi zowala. Mukalumikiza chigamba chofiira kwambiri ndi cha girini wakuda, pafupi zimaoneka zosiyana, koma mukaima pakhomo n'kuyang'ana pabedi zimangosanduka chinthu chimodzi chakuda bii, kapangidwe konse n'kusowa. Tsono chiyankhulo chathu chimayamba ndi funso lomwelo. Mchewa akaona nsalu ya buluu wothina amati ndi yakuda. Nsalu ija akuluakulu ankaitcha biriwita, dzina lake likumveka kubiriwira, koma aliyense ankaiwerengera kuti ndi yakuda, mnzake wa bafuta woyera. Diso lotere ndilo likufunika pa ntchito yanu.

Choncho musanagwire singano, khuthulani zidutswa zonse pamphasa panja, masana, osati pa nyali. Ziunjikeni patatu: zoyererako, zoderako, ndi zapakati. Zofiira muziike pazokha chifukwa zimakuwa, pang'ono pokha zakwana. Kenako yalani mosinthanitsa, choyera pambali pa chakuda, n'kubwerera m'mbuyo mapazi angapo. Ngati mdzukulu uja ali ndi foni, ajambule chithunzi n'kuchichotsa mitundu kuti chikhale choyera ndi chakuda basi, pomwepo mudzaona zigamba zimene zikumezana. Zitenje zambiri ndi za maluwamaluwa kapena mawangamawanga, ndiye pakati pake pamafunika nsalu yosalemba kanthu kuti maso apume. Girini wabwera molakwikayo mwina agwira ntchito imeneyi.

Taonani timawu tiwiri tandithandiza pamwambapa. Yoyererako si yoyera mbee, yoderako si yakuda bii, yofiirira si yofiira psuu. Kamchira ka -ko ndi kutalikitsa kwa tsinde kumachepetsa mphamvu ya mtundu, pamene mbee, bii, psuu ndi biriwiri amaukweza mpaka pamapeto. Kuchokera pa "yofiirirako pang'ono" kukafika pa "yofiira psuu" pali makwerero ambiri ndithu.

Funso lachiwiri lachokera kwa telala wa ku Bvumbwe, ku Thyolo: "Timati nsalu yoyera, yofiira. Nanga bwanji sitinena kuti yoda?"

Bambo, chifukwa chake ndi kufupika kwa tsinde. Yoyera anachokera ku ya + kuyera, ndipo a ndi ku anaphatikizana kukhala o. Koma tsinde likakhala la phatikizo limodzi, monga -da, -dya, -fa, -ba ndi -psa, ku uja sachoka. N'chifukwa chake timati yakuda, monga timanenera chakudya, wakufa, wakuba, nthochi yakupsa. Mawu obwereka nawo si aneni, ndi maina, ndiye amangotenga -a: diresi la pinki, ulusi wa buluu, zitenje za pepo. "Yobuluu" ndinaimvapo kwa ana, koma sinakhazikike.

Chenjerani ndi yakuda yemweyo mushopu mwanu. Kuda ndi mtundu, komanso ndi litsiro, ndipo kuyera ndi mtundu komanso ukhondo. Mukauza kasitomala kuti "nsalu yanuyi ndi yakuda" akhoza kukwiya pachabe. Munthu atha kunena kuti malaya ake oyera ada, akuda aja ndiwo ayera, ndipo Mchewa aliyense amva bwinobwino.

Mphunzitsi wina wa ku Thyolo wafunsa mwachidule ngati tilembe kubiriwira kapena kubiliwila. Malamulo a kalembedwe amene anachokera ku Chichewa Board amati r amabwera pambuyo pa i ndi e, kwina konse l. Ndiye kubiriwira, kufiira, kuyera, koma kusuluka.

Kusulukako kwandikumbutsa Mayi a ku Muloza. Zidutswa zofiira ndi zakuda muyambe mwazinyika m'madzi pazokha musanasoke. Madziwo akasintha mtundu, tsukuluzani mpaka ayere, chifukwa utoto wa chitenje chatsopano ukathawira pa chigamba choyera suchokanso msanga. Nsalu ya thonje imafupikanso ikachapidwa koyamba, choncho mukasoka yatsopano pamodzi ndi ya kaunjika yochapidwa kale, msoko udzakwinyika. Mdzukuluyo mukamutumanso ku Limbuli, m'patseni kachidutswa ka mtundu mukufunawo akaonetse wogulitsa.