Ma wifi awiri dzina limodzi, ntchito inandidutsa pamaso

Achimwene, ndangowerenga zanuzi mtima wabwerera ku Okutobala wa 2023 ndipo ukundiwawabe. Mukuti mwalumikiza timabokosi titatu ta Deco, tofalitsa wifi m'nyumba monse, ku rauta ya kampani ya intaneti, timagetsi take tikuonetsa kuti zonse zili bwino, koma intaneti n'kumangoduka. Ine ndinadutsamo momwemo.

Nyumba yathu ku Area 25 ndi ya njerwa zootcha, makoma okhuthala. Rauta imakhala pabalaza, kuchipinda chakumapeto wifi sinkafika. Nditagula timabokosito ndinaitana mnyamata wina amene anthu ankamutama kuti ndi katswiri. Anabwera ndi kachikwama kake, mphindi 40 basi watha, K35,000 m'thumba. Potuluka anati, "Bwana, ndaika dzina ndi pasiwedi zomwe zija zakale kuti musavutike." Ndinamuthokoza kwambiri, mpaka kumuperekeza pageti.

Patatha masiku asanu ndinali ndi intaviyu pa Zoom. Lachitatu, 3 koloko masana. Ntchito imene ndinaifunafuna chaka chathunthu. Ana ndinawatumiza kwa agogo awo kuti m'nyumba mukhale zii. Ndinavala jekete ndi kutentha kwa Okutobala kuja, ndakhala pathebulo lodyera, kapu ya madzi pambali, mapepala nditawayala. Anthu anayi pa sikirini, awiri ali ku Nairobi. Funso loyamba ndinayankha bwino, mayi wina akugwedeza mutu. Funso lachiwiri ndili mkati mofotokoza, nkhope zonse zinayi zangouma. Ndikulankhula ndekha. Kenako Zoom yanditulutsa. Ndalowanso, mayi aja akuti "tinakutayani, yambiraninso." Ndayambiranso, mphindi zitatu, zaumanso. Thukuta likutsika m'khosi, kolala yonyowa. Kachitatu ndinanyamula laputopu kuthamangira pabalaza, chaja n'kukoka kapu ija, madzi pamapepala onse. Kachinayi ndinayatsa hotspot ya pafoni, koma pamene ndinkalowa bambo wamkulu uja anali akuyang'ana wotchi. Anati nthawi yatha, pali wina akudikira. Mwa mphindi 30 zimene anandipatsa, sindikhulupirira kuti anandimva ngakhale 10. Ndinakhala pampando paja jekete ili m'thupi mpaka kunja kunada. Kalata yokana inabwera sabata yotsatira.

Mnyamata uja ndinamuimbira kasanu ndi kawiri osayankha. Atayankha akuti vuto ndi kampani, iye mbali yake anamaliza. Kampani nayo akuti kwawo zonse zili bwino, ndizimitse ndi kuyatsanso. Munthu kudya ndalama ya mnzako pa ntchito imene sukuidziwa, kenako n'kumathawa foni! Akanangonena kuti izi sindizitha, ndikanafuna wina. Mpaka lero ndikamuona m'tauni ndimawoloka msewu kuti ndisalankhule zoipa.

Vuto ndinalipeza ndekha usiku, tulo titakana. Ndinayamba kuyang'ana nambala ya IP ya laputopu, nambala imene chipangizo chimapatsidwa chikalowa pa netiweki. Nthawi ina ikuyamba ndi 192.168.1, pakapita kanthawi ikuyamba ndi 192.168.68. Ndiye kuti m'nyumba munali ma netiweki awiri osiyana ovala dzina limodzi. Rauta yakale, ya kampani ija, ikuulutsabe wifi yake ndi kugawa manambala ake, Deco nayo ikugawa ake. Thebulo lodyera lili pakati penipeni pa ziwirizi, choncho laputopu inkadumpha uku ndi uku, ndipo ikadumpha nambala imasintha, Zoom n'kuduka. Komanso kabokosi kachitatu anakalumikiza ndi waya ku rauta yakale m'malo mwa Deco wamkulu, kabokosi kotsogolera tinzake, zimene siziyenera kutero Deco ikakhala pa Router mode, kutanthauza ikamagawa yokha manambala. Ndi chifukwa chakenso printa yathu inkasowa pa netiweki tsiku lina n'kuoneka tsiku lina.

Ndiye inu yambani pomwepo, onani IP pafoni muli pabalaza, muonenso muli kuchipinda. Zikasiyana koyambirira kuja, mwaligwira. Tembenuzani rauta ya kampani, pansi pali kapepala kolembedwa adiresi yolowera ndi pasiwedi. Lowani, zimitsani wifi yake, zonse ziwiri, 2.4GHz ndi 5GHz. Chitani izi muli pa waya kapena pa wifi ya Deco, apo ayi mudzitsekera kunja. Kenako mu app ya Deco pitani pa More, Advanced, Operation Mode, musankhe Access Point, kuti Deco izingofalitsa wifi osagawa manambala. Izima n'kuyakanso yokha. Kuyambira apo wogawa manambala ndi mmodzi, rauta yakale ija, ndipo vuto la marauta awiri ogawa manambala, limene amati double NAT, latha. Dziwani chabe kuti pa Access Point zina zimachoka, monga zoletsera ana intaneti usiku. Ngati zimenezo mukuzifuna, njira ina ndi kuika rauta ya kampani pa bridge mode, kuti izingodutsitsa intaneti, Deco ikhale bwana. Koma pamenepo nthawi zambiri pamafunika dzina ndi pasiwedi ya PPPoE, zolowera pa intaneti, zochokera ku kampani, ndipo marauta ambiri a SIM khadi alibe n'komwe bridge mode. Ine sindinalimbane nazo.

Chonde kabowo ka reset ka rauta ya kampani musakabaye ndi phini. Mukafufuta zimene anaikamo mukhala masiku opanda intaneti kudikira abwere. Deco yokha ndiye mutha kuipanga reset, ine ndinatero kawiri usiku womwewo.

Kwina kumene ambiri timalakwa ndi poika. Kabokosi sikaikidwa m'chipinda chimene wifi sifika, kamaikidwa pakati, pamene kakumvabe mnzake bwino. Kanga kachiwiri mnyamata uja anakabisa kuseri kwa TV, pansi, kuti kasaoneke. Nditakakweza pashelefu m'kolido zinasintha nthawi yomweyo. Njerwa zathuzi zimadya 5GHz kwambiri, makoma awiri basi yafooka. Onaninso mtundu wa Deco umene mwagula, chifukwa E4 mabowo ake a waya amathera pa 100 Mbps, pamene a M4 amafika gigabit, 1,000 Mbps.

Ndi kuzimazima kwa magetsiku, akabwera timabokosi timadzuka msanga rauta isanagwire intaneti, ndiye nthawi zina timasokonezeka. Zikatero zimitsani zonse, yatsani rauta kaye, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako Deco wamkulu, kenako enawo. Ine ndinagula ka UPS kakang'ono, kabatire kosunga magetsi, ka rauta ndi Deco wamkulu, ndinapuma.

Zosintha mu rauta ndi mu app zija musalole munthu akugwirireni, mutha nokha madzulo amodzi. Kungoti kuchipinda chakumapeto kwanga sikunakhazikike mpaka nditapeza mmisiri wina anandikokera waya wa intaneti wa Cat6 kudzera m'denga, ndipo kunena zoona ndi wayayo amene anamaliza nkhani. Waya umenewu umayenda mpaka mamita 100 osafooka, nyumba yanu singapose apo. Ndiye pa za wayazo mufuneni mmisiri, koma muime pomwepo, ndipo asanalandire ndalama muyende naye chipinda chilichonse mukuimba vidiyo pa WhatsApp. Ikaduka asachoke.

Jambulani kuseri kwa rauta ndi kwa Deco wamkulu tione mmene mawaya alowera, koma kapepala ka pasiwedi kaja mukaphimbe ndi chala. Ndipo ngati muli ndi msonkhano wofunika sabata ino, lumikizani laputopu ndi waya ku rauta mwachindunji, bandulo ya pafoni ikhale yodzadza pambali.