Pulogalamu ikayenda pa -O0 koma n'kusokonekera pa -O2

Akulu, mwafunsa chifukwa chake pulogalamu yanu ya pa chip ya STM32, yowerenga madzi a m'thanki ku Chalala, imatumiza manambala olondola pa -O0 (compiler ikapanda kufulumizitsa code) koma olakwika pa -O2 (ikaifulumizitsa). Vuto lili pamzere uja mwalemba `*(uint32_t *)&mulingo`, pomwe mulingo ndi float.

Malamulo a chinenero cha C otchedwa C99, pa ndime 6.5 gawo 7, salola kuwerenga kapena kulemba chinthu kudzera pa pointer ya mtundu wosagwirizana nacho. Compiler ya GCC imayatsa yokha flag yotsata lamuloli, -fstrict-aliasing, pa -O2, -O3 ndi -Os, ndipo ikatero imakhulupirira kuti pointer ya uint32_t singaloze pamene pali float. Ndiye ili ndi ufulu wosunga mulingo mu register, kapena kuwerenga ma bit anu nambala yatsopano isanalembedwe mu memory. Choncho zimene zikutuluka pa UART, njira imene chip imatumizira manambala, ndi zakale. Compiler sinalakwitse, ikungotsata lamulo limene inu mwaliphwanya.

Konzani motere: `uint32_t b; memcpy(&b, &mulingo, sizeof b);`. Musaope kuti ichedwa. Pa ma byte 4 okha, GCC siitana function n'komwe, imangosamutsa nambalayo mwachindunji. Onani nokha ndi `objdump -d`.

Pamene ambiri amakodwa ndi apa: char ndi unsigned char zimaloledwa kuwerenga ma byte a chinthu chilichonse, koma chilolezocho n'cha mbali imodzi. Kutenga buffer ya uint8_t yochokera pa UART n'kuiwerenga ngati uint32_t n'kuphwanyanso lamulo lomweli. Choipa kwambiri, ngati chip yanu ndi Cortex-M0 ndipo adiresi yake sigawika ndi 4, mupeza HardFault pomwepo, kutanthauza kuti pulogalamu iima. Apanso memcpy ikupulumutsani pa zonse ziwiri.

Union imaloledwa mu C, ndipo GCC imailemekeza mukawerenga kudzera mu union yeniyeniyo, osati mukatenga pointer ya chiwalo chake n'kupita nayo kwina. Mu C++ musaidalire. C++20 ili ndi std::bit_cast. Kuika volatile sikuchotsa vutoli.

Ngati muli ndi code yakale yodzaza ndi ma cast otere, ikani -fno-strict-aliasing pa fayilo imeneyo, kapena pa pulojekiti yonse. Kernel ya Linux imamangidwa ndi flag imeneyi, choncho si manyazi. Koma musadalire -Wstrict-aliasing kuti ikuonetsani malo onse, imaphonya ambiri, makamaka cast ikadutsa pa void *. Fufuzani ma cast a pointer ndi grep, mukonze limodzi ndi limodzi.