Yankho la malume pa zoti Chisomo asamukire yunivesite iti

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko ku Mufakose, mu Harare mwathu muno? Uthenga wanu uja ndaumva, ndiye ndati ndingojambula mawu, chifukwa ndikati ndilembe zonsezi tifika mawa. Mwati Chisomo akufuna kusiya dipuloma yake ya zamakompyuta ku Harare Polytechnic kuti akalowe yunivesite, iye mtima uli pa UZ (University of Zimbabwe), alamu akuti NUST (National University of Science and Technology), ndipo azakhali a ku Ndirande akuti mwanayo abwere adzaphunzire ku Malawi. Ndiye mwafunsa kuti ine ngati malume ake ndikuti apite kuti. Chabwino, ndiyankha, koma mundilole ndiyambe ndi zimene simunafunse.

Asasiye dipuloma ija. Chonde chonde, asasiye. Kwamutsalira chaka chimodzi basi kuti atenge National Diploma ya HEXCO, bungwe lolembetsa mayeso a m'makoleji ngati Poly, ndipo pepala limenelo ndi lomwe lingamutsegulire chitseko cha yunivesite. Mayunivesite athu kuno ku Zimbabwe ali ndi khomo la anthu a madipuloma, amati special entry, losiyana ndi khomo la ana ochokera ku A level. Akamaliza, adzagogoda ngati mwini dipuloma. Akasiyira panjira, adzagogoda ndi mapointi ake a A level omwe aja, ndipo mukukumbukira kuti ndi omwewo anamupititsa ku Poly. Paja A ndi mapointi 5, B ndi 4, C ndi 3, kumatsika choncho, maphunziro atatu onse akakhala A ndi 15, ndipo maphunziro amene anthu amalimbirana amayamba kutenga a pamwamba. Mapointi aja sanasinthe chifukwa choti wakhala zaka ziwiri ku koleji. Theka la dipuloma palibe amene amaliwerenga.

Tsono akamaliza, funso loyamba pa yunivesite iliyonse likhale ili: ndi dipuloma yangayi, mundiyika chaka chiti, ndipo ndi ma module ati, ndiye kuti zigawo za maphunziro, amene mundichotsere? Apa ndi pamene pagona ndalama zanu, achemwali. Ena angamuyambitse chaka choyamba ngati sanaphunzirepo kanthu, ena angamuchotsere ma module angapo, ena angamulowetse chaka chachiwiri. Bungwe loyang'anira mayunivesite, ZIMCHE, lili ndi dongosolo lotchedwa ZIMCATS, loti zimene munthu waphunzira kwina ziziwerengedwa akasamuka. Dongosololo ndi labwino, koma amene amakhala pansi n'kufananitsa module ndi module ndi a dipatimenti ya komwe ukupitako. Ndiye asangonyamula transcript yokha ayi, pepala lija la zotsatira zake. Atenge ndi mapepala aja ofotokoza zimene anaphunzira mu module iliyonse, mitu yake ndi maola ake, apemphe kwa aphunzitsi ake a ku Poly panopa akadali konko. Pa transcript pamangolembedwa kuti Programming, wakhoza. Munthu wa ku dipatimenti amafuna aone kuti mkati mwa Programming imeneyo munali chiyani, asanavomere kuti ikufanana ndi yawo.

Ndipo yankho limenelo alipeze pa pepala lodindidwa. Kuntchito kwathu kunabwera mnyamata wina kudzachita attachment, kuphunzira ntchito pakampani kuja, mwana wanzeru zedi, koma anali wamkulu kuposa anzake onse. Nditamufunsa, anati anasamuka yunivesite ataphunzira kale zaka ziwiri. Pawindo la ofesi anamuuza pakamwa kuti usadandaule, zonse ziwerengedwa. Iye anasiya malo ake, nalipira fizi kumalo atsopano, kalata itatuluka anapezeka ali chaka choyamba. Amayi ake amagulitsa tomato ku Mbare Musika, ndiye tangoganizani zaka ziwiri za fizi zimenezo zinachoka pa tomato angati. Safunsa anadya phula, koma uyutu anafunsa, chinasowa ndi kalata. Ndiye Chisomo asalipire kalikonse kupatula ya fomu mpaka kalata yonena chaka chimene akulowa ili m'manja.

Tibwere ku masukuluwo tsopano. UZ sindingainyoze ayi. Ndi yakale kuposa onse, inayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo mukukumbukira malemu bambo momwe ankanyadira kuti poyamba inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland, ankati ndi yathunso imeneyi. Dzina lake limadziwika ngakhale kunja. Akanakhala kuti akufuna zamalamulo kapena zaudokotala, sindikanazungulira, ndikanati alimbikire komweko. Koma ndamumva Chisomo akuyankhula, chimene chikumukoka ndi choti anzake a kusekondale ali ku Mount Pleasant, kumene kuli UZ, ndiye akamati ine ndili ku Poly amadziona ngati wotsalira. Ndikumumvetsa, pa msinkhu umenewo zimawawa. Koma anzakewo pofika nthawi imene iye azilowa adzakhala akumaliza.

Ine maso anga ali pa HIT, Harare Institute of Technology, ku Belvedere kuja. Inakhala yunivesite mu 2005, ndipo ntchito yake yonse ndi zaukadaulo. Pa zamakompyuta zokha ali ndi Computer Science, Software Engineering, Information Technology, komanso ya zachitetezo cha makompyuta ija, Information Security and Assurance. Munthu wochokera ku Poly, wozolowera kugwira zinthu ndi manja, sakhala mlendo kwambiri kumeneko. Komanso ili mbali yomweyo imene amapita kale tsiku lililonse. Ku Mount Pleasant afunika kombi yofika m'tauni, kenako ina yokwera kumpoto, m'mawa ndi madzulo, ndipo inu mukudziwa momwe madzulo kumakhalira pa siteji mvula ikangogwa, mtengo wa kombi umakwera pomwepo, mwana wamkazi n'kufika kunyumba mdima utagwa.

Alamu sakunama za NUST. Inatsegulidwa mu 1991 ku Bulawayo, ndipo pa za sayansi ndi uinjiniya ili ndi mbiri yabwino kwambiri, ana ochokera kumeneko ndagwira nawo ntchito, amadziwa zinthu. Vuto ndi mtunda. Bulawayo ndi makilomita oposa 400 kuchoka kuno, ndipo kulibe m'bale wathu ndi mmodzi yemwe. Malo ogona a pasukulu sakwanira onse, ambiri amachita lendi m'nyumba za anthu, anayi chipinda chimodzi, lendi yake ya madola a ku America mwezi ndi mwezi. Onjezanipo chakudya, data, basi yobwerera pa holide. Chimodzimodzi yunivesite ya MSU ku Gweru, kapena ya CUT ku Chinhoyi, ngakhale Chinhoyi ndi pafupiko. Mukamayerekeza musamangoyang'ana fizi ya semesita imodzi. Tengani kope, mulembe fizi, lendi, chakudya ndi thiransipoti, muchulukitse ndi zaka zonse zimene kalata yanena kuti akhala kumeneko. Mupeza kuti sukulu yooneka yotchipa pa fizi ndi imene ikudyereni zambiri. Mwana wogona kunyumba, wodya nsima ya pa mphika wanu, wakuchepetserani mtolo waukulu.

Palinso chaka cha attachment, chimene kawirikawiri chimakhala chachitatu. Makampani ambiri ali kuno, ku Msasa, Graniteside, Workington, Southerton, mabanki ndi a mafoni ali m'tauni muno. Ana ophunzira ku Gweru ndi ku Bulawayo ambiri amabwera kuno komwe kudzasaka malo, atanyamula ma CV mu envelopu, ofesi ndi ofesi, ndipo malo ambiri amangopereka ya kombi basi kapena osapereka n'komwe. Amene ali kale mu Harare, amene anachitapo kale attachment ya ku Poly n'kudziwana ndi anthu, amayamba ali patsogolo. Ndikuuzeni zoona, ife tikamasankha ana a attachment, dzina la yunivesite timaliona, inde, koma chimene chimatigwira mtima ndi mwana amene ukamupatsa kompyuta yofa kapena netiweki yovuta amakhala pansi n'kuyamba kufufuza. Zimenezo Chisomo ali nazo kale, ndinamuona tsiku lija anakonza laputopu ya alamu. Komanso afunse ngati attachment ya ku Poly angamuwerengere, chifukwa nayonso ndi nkhani ya chaka chathunthu.

Za ku Malawi, azakhali anena ndi mtima wabwino, ndipo masukulu abwino aliko. Imene kale inali Polytechnic ya ku Blantyre tsopano ndi yunivesite ya MUBAS, kuchokera pomwe University of Malawi inagawidwa mu 2021, ndipo kuli yunivesite ya sayansi ya MUST ku Thyolo. Koma Chisomo ndi nzika ya Zimbabwe, mapepala ake ndi a ZIMSEC, bungwe la mayeso a kusekondale kuno, ndi HEXCO. Kumeneko mapepalawo ayenera kuyamba aunikidwa kaye kuti akufanana ndi chiyani, ngongole ya boma ya ana a yunivesite ndi ya nzika za Malawi, ndipo akadzabwera ndi digiriyo kuno, a ZIMCHE adzafunikanso kuiunika. Ngati cholinga chake n'kukakhazikika kumudzi, imeneyo ndi nkhani ina, tikhale pansi tikambirane. Koma kungothawa Poly, njira yodzera Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi yaitali kwambiri.

Ndatchula za unzika, ndiye ndikumbutse. Tayang'anani chitupa chake lero lomwe, chikhale cholembedwa kuti ndi nzika. Ambiri a ife ana a anthu ochokera ku Malawi zitupa zathu zinkalembedwa kuti alien, ngakhale tinabadwira konkuno. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezo, anati wobadwira kuno, kholo lake lili lochokera m'dziko la SADC, ndipo akukhala kuno, ndi nzika. Koma ofesi ya yunivesite imawerenga zimene zalembedwa pa chitupa, ndipo fizi ya ophunzira akunja ndi yokwera kuposa ya nzika. Ngati pali chosokonekera, apite ku ofesi ya zitupa panopa, asadikire sabata yolembetsa. Dzinanso lifanane pa chitupa, pa setifiketi yobadwira ndi pa masetifiketi a sukulu, paja mayina athu a Chichewa amawalemba mosiyanasiyana kuno.

Wina akakuuzani za yunivesite yoti si ya boma, zilipo zabwino, monga Africa University ku Mutare kapena Catholic University ku Hatfield. Kulikonse kumene angapite, aone kaye kuti digiri yeniyeniyo imene akufuna ndi yovomerezeka ndi ZIMCHE.

Ndiye yankho langa ndi ili. Amalize dipuloma. Akamaliza alembere HIT, UZ ndi NUST, atatu onse, ndalama za mafomu ndilipira ine. Mtima wanga uli pa HIT, koma makalata akabwera tidzawaika pa tebulo, amene wamuwerengera zambiri ndi amene tidzamuganizire poyamba. UZ ikadzamulowetsa chaka chofanana ndi HIT, iye n'kunena kuti kombi ziwiri ndipirira, ine sindidzamuletsa, wophunzirayo ndi iye.

Chisomo, ndikudziwa uli m'gulu muno ndipo ukumvera. Sunatsalire, mwana wa mlongo wanga, usadziyese ndi anzako. Loweruka masana ndibwera kumeneko. Undikonzere zotsatira zako zonse za ku Poly, setifiketi ya O level ndi ya A level, chitupa, ndi mndandanda wa ma module a digiri imene ukuifuna kuchokera pa webusaiti ya sukulu iliyonse mwa zitatuzo, tidzafananitse limodzi. Achemwali, alamu muwauze asachoke, ndikufuna nawonso adzakhalepo.