Makobiri akale a agogo anamata dothi, ndiwatsuke ndi chani?

FUNSO: Zikomo a mkonzi. Pogumula khitchini yakale ya malemu agogo kumudzi tinapeza kachitini kokwirira pansi, mkatimo muli makobiri akale ambirimbiri, ena obooka pakati ena oyera ngati siliva. Vuto ndi lakuti anamata dothi ndi zinazake zobiriwira zolimba moti chaka chake sichikuoneka nkomwe. Alamu anga akuti ndiwaviike mu Coke usiku wonse kenako ndikwechese ndi sitiliwulo, ena akuti mandimu ndi mchere kaya phulusa. Ndipange ziti? Wowerenga wa ku Mulanje.

YANKHO: Achimwene, alamu anuwo auzeni adikire kaye, chonde. Coke, mandimu ndi viniga zonsezo ndi asidi, zimadya dothi inde koma zimadyanso chitsulo chenichenicho, kobiri limatuluka lofiira mbuu lili timaenje timaenje. Sitiliwulo, Vim, Brasso, mchenga ndi phulusa zimasiya mikwingwirima yoti siidzachokanso mpaka kalekale. Ndipo anthu osunga makobiri akale akangoona kuti lakwechedwa amatsitsiratu mtengo pompo, ena sagula nkomwe. Mtundu wodera uja, wabulauni kapena wobiriwira mosalala, si litsiro ayi, ndi khungu limene mkuwa umapanga wokha pakapita zaka ndipo ndi lomwe limauteteza. Limenelo musalichotse.

Obooka pakatiwo mwina ndi a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anayamba kutuluka mu 1955. Mukaona njovu ziwiri zitaimirira ndiye peni imeneyo, akakhala akadyamsonga awiri ndi hafu peni, onsewo ndi a mkuwa. Oyerawo musathamangire kuti ndi siliva, tiki ndi sheleni za chitaganya komanso zija za mutu wa Kamuzu za 1964 ndi mkuwa wosakaniza ndi chitsulo choyera chotchedwa nickel, mulibe siliva. Siliva amapezeka mu makobiri oyera osabooka pakati a Southern Rhodesia a chaka cha 1947 chisanafike, omwe ankayendanso kuno.

Nde poyambira ndi apa. Tengani maginito, ngakhale ya mu sipika yakufa, muyese limodzilimodzi. Lomwe lamata ndi lachitsulo chongokutidwa pamwamba ngati matambala ena a m'mbuyo muno, limenelo musaliviike, lichita dzimbiri. Otsalawo muwapatule, a mkuwa paokha oyera paokha. Kenako mugule distilled water, madzi aja othira mu batire ya galimoto omwe amagulitsa pa filling station, koma muonetsetse kuti ndi madzi osati asidi wa batire. A pampopi ali ndi klorini, a pamjigo ena ali ndi mchere, ndipo mchere ndi umene umaononga mkuwa kwambiri. Viikani mu kapu ya galasi kapena ya pulasitiki, musinthe madzi pakapita masiku awiri atatu, ndipo nthawi iliyonse posintha muzipukuta pang'onopang'ono ndi mswachi wofewa wa ana kobirilo lili m'madzi momwemo. Dothi lomwe lakanirira pakati pa zilembo muzilitokosa ndi kamtengo ka machesi kapena kansungwi kosongola konyowa, mukukankhira cham'mbali osati kubaya, pamalo powala bwino. Singano, lezala ndi msomali ayi ndithu.

Ntchito yake njochedwa, ndikuuziranitu. Ena amayera sabata imodzi, ena mwezi umatha chaka chisanaoneke, ndipo apa mpamene ambiri amatopa nkukatenga sitiliwulo ija. Akakhala okanika zedi a mkuwa mutha kuwaviika mu mafuta a olive kwa masabata angapo, amafewetsa chikhokhombe chija, kungoti amadetsa kobiri ndipo mafutawo amavuta kuchoka, nde ine ndimati yesani kaye pa limodzi lomwe ndi loperepeseka kale. Ngati pali zomata za selotepi kapena girisi, acetone, mankhwala amadzimadzi osungunula zomata, weniweni wa ku hardware amachotsa osakhudza chitsulo, osati uja wochotsera penti ya zikhadabo poti amasakaniza ndi zonunkhira. Mugwiritse ntchito panja, kutali ndi mbaula, amayaka msanga.

Zobiriwira zija ziyang'anitsitseni chifukwa zilipo za mitundu iwiri. Zolimba zosalala zisiyeni. Koma mukaona zobiriwira mowala, zofumbutuka ngati ufa mukazikhudza ndi kamtengo, amenewo ndi matenda a mkuwa obwera ndi mchere wa m'dothi ndi chinyezi, amadya kobiri mpaka kuliboola ndipo mukachotsa amabwereranso. Oterowo muwachotse pakati pa anzawo lero lomwe, tokosani ufawo, viikani mu distilled water momwe mwasungunulamo soda wophikira ndi soda wochapira (washing soda) muyezo wofanana pang'ono chabe, muzisintha sabata iliyonse, kenako mutsukuluze ndi kuumitsa kwambiri.

Poumitsa musapukute mokhula, ingogundani ndi kansalu kofewa nkuyanika. Pogwira muzigwira m'mbali, thukuta la m'manja limasiya zidindo. Lililonse mu kaenvelopu kakekake ka pepala, osati timapulasitiki tofewa tija, ndipo ku Mulanje kuja ndi chinyezi chake muikemo timapaketi ta silica tomwe timapezeka m'makatoni a nsapato.

Za mtengo, poti ndikudziwa funso limenelo lilipo ngakhale simunalilembe: mapeni a njovu anapangidwa ochuluka zedi ndipo ambiri sagulidwa ndalama zambiri, nde munthu akabwera nkumati alipo bwana wogula mamiliyoni koma muyambe mwalipira ya mayeso, ameneyo ndi wakuba. Mukapeza looneka lachilendo kapena la siliva lomwe zilembo zake zikadali zakuthwa, limenelo musalitsuke nkomwe, lijambuleni mbali zonse ziwiri mutitumizire chithunzi tione kaye.