Za kusiya makala n'kuyamba gasi pa malo odyera

Mayi, funso lanu loti musiye makala n'kuyamba kuphikira gasi pa malo anu odyera landitosa pachilonda. Lamulo la nkhalango litakhwimitsidwa mu 2020, thumba la makala linakwera mtengo, chifukwa anyamata a njinga anayamba kuyenda usiku mozemba, ndipo chilichonse chimene ankalandidwa panjira ankachibwezera pa ife ogula. Ine ndinamvera uphungu woti tiyambe gasi, ndinakongola ndalama ku banki m'khonde n'kugula silinda ndi chitofu.

Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi anavuta ndipo aliyense anathamangira moto womwewo umene ife tinkadalira. Sabata ina ndinalandira oda yophikira anthu a chinkhoswe, koma kumene ndinkadzadzitsa gasi anandiuza kuti watha. Pamenepo bambo wina anabwera ndi mapepala a zidindo n'kunena kuti makala ake ndi achilolezo, ndipo ine ndinamulipiriratu matumba khumi. Loweruka m'mawa nyemba zili zonyika, nkhuku zosadzula zili m'beseni, iye anandiimbira kuti galimoto yagwidwa pamsewu popeza mapepala aja anali abodza, ndipo atatero anathimitsa foni. Ndinaphika nsima ya anthu onsewo pa mafuwa ndi zitsononkho kuseri kwa msika, maso ali psuu ndi utsi, chakudya n'kufika alendo atayamba kubalalika. Munthu ameneyo ndimamuona mpaka lero, amandipatsa moni ngati palibe chimene chinachitika, ndipo ndalama yanga sanabweze.

Boma linalonjeza mu 2021 kuti lidzachepetsa mpweya wa kaboni, womwe umatenthetsa dziko, ndi 51 peresenti pofika 2040, koma gawo lalikulu la lonjezolo likudalira thandizo la maiko akunja, pamene ife kuletsedwa kwa makala kunatifika msanga njira ina isanakhazikike. Gasi amagulidwa kunja ndi madola, choncho kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wodzadzitsira silinda unanditsamwitsa ndipo ndinayambanso kukoleza mbaula.

Komabe gasiyo gulani ndithu, chifukwa amapsetsa ndiwo mwachangu ndipo miphika siida, koma mukhale ndi masilinda awiri ngati thumba likulola. Mbaula musataye, ndipo wogulitsa makala aliyense, kaya akuonetseni zidindo zingati, musamupatse ndalama matumba asanatsitsidwe pakhomo panu.